Zikomo a Chipata, ana athu a makamera akupita ku sekondale

Zotsatira za Giredi 7 zatuluka, ndipo ana a m'kagulu kathu kojambula zithunzi amene analemba mayeso akhoza onse. Ndalemba pano kuti ndithokoze pagulu, chifukwa anthu amene anatinyamula ndi ambiri, ena sindingawafikire pakhomo.

Kwa amene simukudziwa: ana amenewa ndi a amayi amene amapeza chakudya pogulitsa thupi m'mabala ndi m'malo ogona alendo. Tauni yathu ili panjira. Mathiraki ochokera ku Lusaka pa Great East Road amagona kuno asanawoloke pa Mwami kulowa m'Malawi, ena amachokera ku Mozambique kudzera pa Chanida ndi Katete. Dalaivala amapita m'mawa, mwana amatsala. Mayina a anawa ndi nkhope zawo simuziona patsamba lino, ndipo musandipemphe ku inbox. Dzina limene amaitanidwa nalo kumpira ndi kuchitsime likuwakwanira kale kulemera.

Oyamba kuthokoza ndinu amayi a anawa. Pamene tinkayamba, munali ndi chifukwa chomveka chotikanira. Munaonapo anthu akubwera ndi makamera akuluakulu, kujambula zitseko zanu, n'kupita osabweranso. Mayi wina anandifunsa maso ndi maso kuti, "Aphunzitsi, mukufuna mutigulitse kwa azungu?" Tinagwirizana kuti kamera izikhala m'manja mwa mwana, kuti chithunzi cha m'nyumba sichituluka popanda mayi kuchiona, ndipo chimene mayi wakana chimafufutidwa pomwepo iye akuona. Malamulo amenewa munapanga ndinu, ndipo ndi amene asunga kaguluka mpaka lero. Ndikudziwanso amene munkafika kunyumba kukucha, maso ali ofiira, koma n'kuyamba mwasita yunifomu ndi makala musanagone. Anthu amene amakunenani sadzuka nthawi imeneyo.

Ena amandifunsa kuti kamera ikugwirizana bwanji ndi mayeso. Ifeyo tinali ndi lamulo limodzi louma: wajomba kusukulu, Loweruka sagwira kamera. Ndipo chithunzi chilichonse chimayenera kukhala ndi mawu ake pansi, olembedwa ndi mwini wake, poyamba m'Chinyanja kenako m'Chingerezi. Mwana amene ankabisala kumbuyo m'kalasi kuti asawerengetsedwe anayamba kulimbana ndi zilembo yekha, chifukwa sankafuna kuti chithunzi chake chokongola chikhale ndi mawu olakwika. Tinawaphunzitsa zochepa chabe: dzuwa likhale kumbuyo kwako, gwira mpweya podina, pempha munthu usanamujambule. Zotsalazo anabwera nazo okha. Anajambula anyamata a njinga akudikira makasitomala pa Kapata, amayi a tomato pa Saturday Market, matumba a nshawa ku Down Shops, phiri la Kanjala mvula ikubwera. Mtsikana wina anajambula manja okha kwa mwezi wathunthu, manja osenda mbatata, oluka tsitsi, owerenga ndalama, ndipo zithunzi zake ndi zimene zinayamba kugulidwa. Ine ndimaganiza kuti n'zabwino kuposa zambiri zimene timaziona pa makalendala.

Kuyambira mu Januwale 2022 boma linachotsa malipiro a sukulu mpaka Giredi 12, ndipo zimenezo zinatsegula chitseko ndithu. Koma yunifomu, nsapato, makope ndi phala la m'mawa sizinakhale zaulere. Apa ndi pamene inu ogula zithunzi munalowera. Ndalama ya chithunzi chilichonse inkapita ku zofunika za mwana amene anachijambula, ndipo iye yekha ankasaina m'kabuku. Zikomonso bambo a situdiyo amene munkatitsukira zithunzi pa mtengo wa pepala lokha, n'kumawonjezera uphungu umene sitinakulipireni.

Chaka cha 2024 chinatsala pang'ono kutithetsa. Kolera inachititsa kuti sukulu zitsegulidwe mochedwa, mu Febuluwale, ndipo mwezi womwewo boma linalengeza chilala kukhala tsoka la dziko. Ufa unakwera, madzi ku damu la magetsi la Kariba anachepa, magetsi n'kumasowa tsiku lonse. Njala ikalowa m'komboni, mtsikana wa zaka 12 amayamba kuyang'anidwa mwa mtundu wina, ndipo zimenezi zinkandisowetsa tulo kuposa mabatire akufa. Achimwene a balabashopu, sola yanu inatchaja makamera athu miyezi yonse ija. Amayi a mpingo amene munkabweretsa mgaiwa ndi soya osafunsa kuti ana ake ndi a yani, Mulungu akubwezereni pamene munachotsa.

Pali ambuya ena m'makomboni a Mchini ndi Navutika amene sadzawerenga mawu awa chifukwa alibe foni ya intaneti. Iwowa ndiwo ankagoneka anawa usiku amayi awo ali kuntchito, n'kuwadzutsa m'mawa kuti asachedwe. Amene muli nawo pafupi, chonde awerengereni ndime ino.

Kwa aphunzitsi ndi ahedi, zikomo chifukwa cha nkhani ya mafomu. Mzere wa "dzina la bambo" unkaliza ana ambiri, ndipo amayi ena ankaopa kufika kusukulu chifukwa cha mzere womwewo. Munatithandiza kufotokozera amayiwa kuti mwana akhoza kulembetsedwa kubadwa kwake pa dzina la mayi okha, ndiponso kuti lamulo la ana la 2022 limateteza mwana aliyense mosayang'ana ntchito ya kholo lake. Mphunzitsi wina anasiya phunziro la masamu pakati kuti athane ndi mawu achipongwe amene anatuluka kumbuyo kwa kalasi. Mwanayo anatiuza yekha Loweruka lotsatira, akuseka.

Analiponso otinena kuti tikulimbikitsa chiwerewere. Sindikusunga mangawa. Ena mwa iwo anabwera kudzaona zithunzi pamene tinazipachika pa zingwe m'holo ya tchalitchi, ndipo mmodzi anagula ziwiri.

Ntchito ikupitirira, chifukwa ang'ono awo a anawa akudikira kale pakhomo, ndipo ku sekondale zofunika zimachuluka. Ngati muli ndi kamera yakale kapena foni yojambula bwino imene yangokhala m'kabati, ndiuzeni, ndidzabwera kudzatenga ndekha. Amene muli ndi zithunzi za anawa m'mafoni mwanu kuchokera tsiku la chionetsero lija, chonde musaziike pa Facebook kapena pa WhatsApp. Tikumananso Loweruka loyamba sukulu zikatsegulidwa, 9 koloko m'mawa, pamalo pomwe paja.