Kandolo ka pamphuno kanandidyera mamalikisi

Sabata ino m'kalasi tinali pa ndime 16 ya malamulo aakulu a South Africa, ya ufulu wolankhula zakukhosi. Ine ndinkayesa ndi nkhani ya atolankhani ndi andale basi. Aphunzitsi anangotiponyera mlandu wa mwana wa sukulu.

Sunali Pillay, mtsikana wa ku Durban, anaboola mphuno n'kuvala kandolo kagolide potsata chikhalidwe cha makolo ake. Sukulu inati malamulo ake salola. Nkhani inakwera mpaka ku Constitutional Court, khoti lalikulu la dziko lonse, pomwepa pa Braamfontein mu Johannesburg pamene ndimadutsa pa takisi m'mawa uliwonse, ndipo mu 2007 Pius Langa, mkulu wa majaji nthawiyo, anagamula kuti sukulu inalakwa kukana kumulola kuvala kandoloko. Pa asayimenti ndinalemba motumbwa kuti anapambana ndi ndime 16. Pepala linabwera lofiira. Anapambanira lamulo loletsa tsankho. Ufulu wolankhula unangokhudzidwa chabe. Mamalikisi anapita, koma ndinatolapo kanthu: mwana wa sukulu nthawi zambiri salankhula ndi pakamwa. Amalankhula ndi tsitsi, chovala, ngakhale chilankhulo chimene wasankha pa buleki.

Kwathu nakonso zinafika. Mu 2023 khoti lalikulu ku Zomba linagamula kuti ana a Chirasta asamathamangitsidwe m'sukulu za boma chifukwa cha madiredi.

Zinandikumbutsa ku pulayimale. Ukagwidwa ukulankhula Chichewa ankakukoleka kakatoni m'khosi, ndipo unkayenda nako uku ukutchera khutu kuti upeze mnzako womusiyira. Wotsala nako poweruka ankatchetcha bwalo. Palibe ankadandaula. Mwana sayankha akulu, tinkatero.

Lamlungu ku Rosettenville ndinafotokozera achemwali zonsezi tikudya nsima. Mwana wawo, wa Giredi 9, maso ali gwa pa ine.

"Amalume, ndiye aphunzitsi akandilakwira ndiziwayankha?"

Achemwali anandiyang'ana diso lija. Ndinamuuza kuti ufuluwu uli ndi malire: suteteza wolimbikitsa nkhondo, woyambitsa ziwawa kapena wofesa chidani pa mtundu ndi chipembedzo, ndipo ndime 36 imalola kuuchepetsa pakakhala chifukwa chomveka. Kutukwana aphunzitsi khoti silingakuombole. Koma kuyambira Giredi 8 sukulu iliyonse ya boma imayenera kukhala ndi RCL, komiti ya ophunzira, ndipo madandaulo amadzera kumeneko.

Mwana uja anati ya kusukulu kwawo imangokonza za disko. Achemwali anaseka mpaka kutsamwa, n'kumutuma akatenge madzi.