Loweruka: mphasa zakwera kudenga

Lero tinalawirira kuyamba ntchito, chifukwa mwezi uno wa Okutobala dzuwa likangokwera pang'ono malata amagwira moto, munthu sungakhale m'denga. Chimangireni nyumbayi, pabalaza pathu pakhala popanda siling'i. Masana thukuta kamukamu, mvula ikamagwa sitimvana. Mwezi watha ndinakafunsa mtengo wa siling'i ya PVC kumahadiweya, ndinabwerako nditagwira pakamwa. Ndiye tinagwirizana zoti tiike mphasa za bango, m'malumikiziro mwake tikhomemo nsungwi.

Alamu anga, omwe ndi kalipentala ku Mchesi, anafika ndi kapaipi kaatali koonekera mkati. Anakathira madzi, ine kugwira mbali ino, iwo mbali inayo, n'kumalemba pakhoma pamene madzi aima. Madzi sanama: mzere unatuluka wofanana zipupa zonse zinayi. Kenako tinakhoma timatabwa ta paini topingasa, tomwe tinapaka mankhwala a chiswe dzulo. Tinatitalikitsa masentimita 40 okha, poti mphasa ndi yofewa, timatabwa tikatalikirana imalendewera pakati.

Ndisanatambasule mphasa ndi imodzi yomwe, anandiimitsa.

"Alamu, ili ndi bango louma. Waya aliyense ayambe walowa m'paipi, apo ayi ine sindikhoma."

Ndinawamvera. Tinaitana wamagetsi wa m'dera mwathu muno, analowetsa mawaya onse m'mapaipi, ndipo mababu tasankha a LED omwe satentha kwambiri. Apa ndiye pamene papita ndalama yochulukirapo, koma sindikudandaula ngakhale pang'ono. Ana amagona m'nyumba muno. Mabowo a misomali yakale m'malata tinawamatanso ndi phula, kuti dontho lisadzaoletse mphasa chizimalupsa chikagwa.

Chimene chandikomera kwambiri lero ndi nsungwi. Zinadulidwa m'nyengo yozizira, zinakhala m'madzi milungu ingapo kuti zisadzafumbwe, kenako zinauma pamthunzi. Tinazing'amba pakati, n'kuzipala ndi mpeni mpaka kuterera. Nsungwi ukaimenya msomali mwachindunji imang'aluka mpaka kumapeto, choncho alamu ankayamba aboola kabowo, msomali n'kulowa bwinobwino. Mphasa tinaziika mosemphanitsa, ina bango lake kuloza kukhomo, yotsatira kuloza kuwindo. Kuwala kukalowa, ina imaoneka yofiirira, inzake yotuwirako, chonsecho n'zogula kwa munthu mmodzi. Pakati penipeni tinakhomapo lichero latsopano lomwe tinaliboola kuti babu litulukire pamenepo. Maganizo a licherowa ndi a mayi a kunyumba kuno, ndipo ndi amene akometsa chipinda chonse.

Chakumasana mayi ena oyandikana nafe anasuzumira, n'kufunsa kuti, "Bambo, mphasa si yogonera kodi? Mwasowa chiyani kuti muikweze kudenga?" Sananene mwachipongwe, koma funsolo landikhala mumtima. M'malo ambiri ogona alendo m'mbali mwa nyanja, madenga ndi zipupa amazikongoletsa ndi bango ndi nsungwi zomwezi, alendo n'kumalipira ndalama zambiri kuti agonemo. Ife eni ake timaziona ngati chizindikiro cha umphawi. Agogo amene anandigulitsa mphasazi anadula okha bango kudambo, kuling'amba, kuliyanika, n'kulisoka ndi chingwe mzere ndi mzere. Limenelo ndi luso, ndipo ndalama yanga ndasangalala kuti yapita m'manja mwawo.

Pofika madzulo tinali titamaliza mbali yaikulu, makosi ali owawa chifukwa choyang'ana kumwamba tsiku lonse. Kutentha kwachepa moti ana anachita kunena okha. Kwatsala ngodya ya kukhomo la kukhitchini, komwe tisiyeko kachitseko kolowera m'denga pakafunika kukonza mawaya. Lolemba tidzatseka mipata ya pakati pa khoma ndi malata ndi waya wa sefa, kuti makoswe ndi mileme zisapeze nyumba, kenako tidzapaka vanishi wosabisa mtundu wa bango.