Mmene ndinasiyira kukopera SQLite ndi cp

Kwa chaka chathunthu ndinkangokopera fayilo ya database ndi cp, lamulo lokopera mafayilo, usiku uliwonse, mtima uli m'malo. Pulogalamuyo ndinalembera achimwene anga, imasunga malonda a m'golosale mwawo mu SQLite, mtundu wa database womwe umasunga zinthu m'fayilo. Tsiku lomwe disiki inafa, ndinatsegula kope lija n'kupeza malonda omalizira mulibe.

Vuto linali langa. Database inali mu WAL mode, ndipo zolembedwa zatsopano zimayamba zakhala m'kafayilo kena kothera ndi -wal, kudikira checkpoint kuti izisamutsire m'fayilo yaikulu. Kafayiloko sindinkakatenga. Komanso kukopera fayilo wina akulembamo kungakupatseni theka lakale, theka latsopano.

Pofuna kukonza, ndinayamba ndi Online Backup API, njira ya SQLite yokopera database ikugwira ntchito, kudzera mu backup() ya Python. Ndinaiuza kuti izitenga ma page (tizigawo ta fayilo ya database) 100 nthawi imodzi, n'kupumira, poopa kuchedwetsa wogulitsa. Apa m'pamene ndinaonera zakuda. Connection ina, monga ya wogulitsa, ikangolemba mu database pakati pa ntchitoyo, backup imayambiranso poyamba. Loweruka la kumapeto kwa mwezi, anthu ali pamzere, inkangozungulira osafika. Mantha angawo analinso opanda pake, chifukwa mu WAL wowerenga satsekereza wolemba. Nditachotsa malirewo kuti itenge zonse kamodzi, inatha bwinobwino.

Pano ndimagwiritsa ntchito lamulo la VACUUM INTO, lomwe linabwera ndi SQLite 3.27.0 mu 2019. Ndi mzere umodzi basi. Imatulutsa kope la database monga inalili nthawi yomwe lamulolo linayamba, ndipo malo opanda kanthu imawasiya, choncho fayilo imachepa. Imalemetsako purosesa, koma pa kagolosale palibe amazindikira. Chenjerani ndi ziwiri: imakana kulemba pa fayilo yomwe muli kale zinthu, ndipo magetsi akathima isanamalize, chotsalacho n'chosathandiza. Ine ndimalemba ku dzina longoyembekezera, ndikuyendetsa PRAGMA integrity_check yoona ngati fayilo ili bwino, ikayankha "ok" ndiye ndimasintha dzinalo.

Kutumiza fayilo yonse ku seva yakutali tsiku lililonse kunkandidyera bando. Zimenezi zinatha ndi pulogalamu ya sqlite3_rsync ya mu 2024, yomwe imadutsa pa SSH (njira yotetezeka yolumikizira makompyuta) n'kutumiza ma page osintha okha. Iyenera kukhalapo mbali zonse ziwiri, pa kompyuta yotumiza ndi pa seva, ndipo ndinataya madzulo athunthu ndisanazindikire zimenezo.

Mwezi ukatha ndimatsegula kope limodzi pa laputopu yanga, n'kuyerekeza malonda a tsiku lomaliza ndi zomwe achimwene analemba m'kabuku kawo. Iwo kabukuko sanakasiyebe.