Siketi kupotoka, ndadziwa tsopano chimene chimachititsa

Anzanga amene mukuphunzira kusoka, sabata ino mtima wanga wakhala pansi zoona. Ndamvetsa chifukwa chake siketi ikachapidwa imapotoka, msoko wa m'mbali n'kuyamba kuthawira kutsogolo kwa mwendo pomwe unasoka mowongoka bwinobwino. Si makina ayi, si ulusi wa pa bobini, si manja kunjenjemera. Ndi momwe patani inagonera pa nsalu sizasi isanalowe, basi nkhani yonse ili pamenepo, ndipo miyezi yonseyi palibe amene anandiuza mwa njira yoti ndimve.

Za kuyeza m'chiuno, kusiya malo a msoko, kuchapa chitenge kaye usanadule kuti sitachi ichoke ndiponso chikhwinyate chikadali chathunthu, izo sindikamba, tonse tikuzidziwa. Ine ndili pa chinthu chimodzi chabe. Tengani chitenge chilichonse m'nyumbamo, gwirani m'mphepete muja mumalembedwa dzina la kampani, kokani motsata mphepeteyo. Sichitamuka, chili gwa. Manje kokani mopingasa kuchoka mphepete ino kupita mphepete inayo, chitamukako pang'ono chabe. Ndiye gwirani chopendama, kulozera ku kona, mukoke. Muona nokha, chimatamuka maningi mpaka maluwa a pa chitengepo kusintha nkhope. Nsalu imodzi yomweyo koma makhalidwe atatu.

Chifukwa chake n'choti nsalu yolukidwa ili ndi ulusi wa mitundu iwiri. Wina umayenda m'litali, umenewo ku fakitale amaukunga kwambiri pa makina olukira ndiye ulibenso kotamukira. Winawo ndi wopingasa, umalowa pansi pamwamba pansi pamwamba, uli ndi kampata pang'ono. Koma ukakoka chopendama sukukoka ulusi uliwonse, ukungopinda timabokosi tomwe ulusi uwiriwo wapanga pokumana, ndiye timavomera msanga. Tsono ukagoneka patani ya siketi mopendekera pang'ono chabe, mwina pofuna kupulumutsa nsalu kuti patsale ya duku, mbali ina ya siketiyo yagwera kotamuka pomwe ina yagwera kolimba. Tsiku lomwe wasoka ndi kusita siziwoneka. Madzi akailowa, n'kuyanikidwa pa chingwe ili yolemera, ulusi uliwonse umabwerera kwawo ndipo msoko umatsatira. Zili ngati kuwaza nkhuni, ukatsata mmene mtengo unakulira nkhwangwa imangolowa, ukalimbana nawo mopingasa uthera thukuta.

Amene ananditsegula maso ndi asisi ena a ku Kalingalinga, si achibale koma ndimawatcha asisi chifukwa ndi mmene zakhalira. Anthu awa ine ndimawasirira, sindibisa. Pakhonde pawo pali makina akale a Butterfly opalasa ndi mapazi, pambali pake thumba lodzaza tizidutswa ta chitenge tomwe amakatola kwa matelala a ku City Market, tomwe ena amasesa n'kutaya, iwo amasoka zikwama, tumapilo, zotchingira mapoto. Kuseri kwa nyumba malo ndi ochepa koma muli masaka a dothi momwe mukumera repu, anyezi ndi kalembula. Masikono amaphika pa mbaula, makala ena pansi ena pa chivundikiro. Mwezi wina ndinawapeza manja ali buluu ati akuyesa kunyika nsalu yoyera mu utoto atamanga ndi malamba a mphira, ndipo zina mwa zikwama zawo amapita nazo ku msika wa zamanja wa Lamlungu ku Arcades. Chomwe chimandikhudza si kuchuluka kwa zinthuzo ayi, koma sadikira kuti adziwe kaye zonse. Akaona chinthu amati tiyeni tiyese, chikakana amachiyang'ana nthawi yaitali mpaka chiwauze pomwe chakanira. Chaka chino kuti ndiyambe kubzala anyezi m'ndowa yobowoka, kuphika mandasi anga m'malo mogula, ndi kulembetsa kalasi ya kusoka, ndi iwowa anandipatsa mtima ngakhale sanandiuzepo kuti chita.

Ndiye nditawadandaulira za msoko wopotoka sanatenge pepala kapena choko. Anangonditambasulira kachidutswa m'manja n'kunena kuti, mng'ono wanga koka apa. Ndakoka. Koka apanso. Ndakoka. Kenaka ati manje ndiuze wekha. Atatero anatenga bulauzi yawo n'kundionetsa kansalu kamene kazungulira m'khosi, kaja amati bayasi, kuti kamadulidwa dala chopendama pa madigiri 45 kuti kavomere kukhota popanda makwinya. Apa ndi pomwe mutu wanga unatsegukira kachiwiri, chifukwa kutamuka komweko kumene kumawononga siketi ndi komwe kumakonza khosi. Ndi chinthu chimodzi, kungoti uyenera kudziwa pomwe ukuchifuna ndi pomwe sukuchifuna. Mpendero wa siketi yotambalala kutsika mbali imodzi, khosi kuyasama pambuyo povala kangapo, zonsezi zomwe ndinkaziona kuti ndi mavuto osiyanasiyana gwero lake ndi limodzi.

Asisi anandiphunzitsanso njira yomwe pano ndikuiyamikira kwa aliyense, kuphwasula zovala za salaula. Umapita ku Soweto Market, kusankha diresi kapena shati yotchipa yosokedwa bwino, olo ikhale yothimbirira zilibe kanthu, kunyumba n'kutenga leza n'kumasula msoko uliwonse pang'onopang'ono, kusita zidutswazo, kuzigoneka pansi. Pamenepo umaona zonse ndi maso, momwe ulusi ukuyendera pa chidutswa chilichonse, kutsogolo, kumbuyo, kolala, thumba. Ndinadabwa kuona kuti pa shati ya chimuna kansalu ka pamapewa kumbuyo kanadulidwa ulusi wolimbawo utagona kuchoka phewa lino kupita phewa linalo pomwe thupi lonse ulusi waimirira, kuti mapewa asatamuke munthu akamagwira ntchito. Munthu wina kutali uko anaganiza zimenezo, ndipo shati yake ikundiphunzitsa ine ku Lusaka kuno. Kunena zoona ine ndikuona kuti shati imodzi yophwasulidwa imaposa temu yonse ya m'kalasi, ndipo akanandifunsa ndikanati sukulu zonse za utelala ziyambe ndi belo la salaula ndi leza, mapepala abwere pambuyo. Ena atsutsa, atsutse, ine n'zimene zandithandiza.

Pakuti za m'kalasi zimandipweteka mtima ndikaziganiza. Timalipira ndalama mwezi ndi mwezi, amadamu amalowa n'kujambula patani pa bolodi, ife kukopera pa pepala la khaki, ndipo pa patani iliyonse amatiuza kuti jambulani muvi wautali pakati. Muvi umenewo ndaujambula kambirimbiri. Munthu akafunsa kuti madamu muviwu ndi wachani, yankho ndi loti ndi lamulo, uziyenda ndi mphepete ya nsalu, tiyeni tipitirize nthawi yatha. Lamulo inde koma chifukwa chake n'chiyani? Akanangotipatsa kachidutswa aliyense kuti tikoke, mphindi ziwiri zokha, kalasi yonse ikanamva. Sindikunena kuti sadziwa ntchito, suti zomwe amasoka za ma kitchen party ndi zaudongo kwambiri, koma kudziwa kusoka ndi kudziwa kuphunzitsa ndi zinthu ziwiri, ndipo tili ambiri pa makina ochepa moti theka la nthawi umangoima kumbuyo kwa mnzako kudikira.

Nthawi nayonso ndi ina. Ndikaweruka ku ntchito mtauni, kukwera minibasi pa Kulima Tower, kuima pa mzere wa magalimoto mu Great East Road, pofika kunyumba kwada, pali nsima yoti iphikidwe, ana afuna homuweki. Kusoka kumafuna kuwala ndi mutu wopuma, ndipo ine zonse ziwirizi ndimazipeza Loweruka masana basi. Amene anayamba kuphunzira mu 2024 anavutika koposa, chilala chija madzi atatsika ku Kariba magetsi ankabwera maola atatu okha pa tsiku m'malo ambiri, makina a magetsi anangokhala ophimbidwa. Asisi ndi Butterfly yawo ankapalasa tsiku lonse, ndipo n'chifukwa chake ndalama zomwe ndikusunga ndikufuna zipite ku makina a mapazi osati a magetsi, olo anzanga akuti ndi zachikale.

Chinanso chomwe ndaona poyenda m'mashopu a ku Kamwala ndi manja okoka nsalu, vitenge sizili chimodzimodzi. Cha thonje chenicheni chimamveka bwino ukachikoka, makhalidwe atatu aja amaonekeratu. Zotchipa zambiri zosakaniza ndi poliyesita zimaterera, ndipo zina maluwa anadindidwa mopendekera kuchokera ku fakitale komweko, moti ukatsata maluwa wasiya ulusi, ukatsata ulusi maluwa apendama pa thupi. Zimandimvetsa chisoni kuti thonje timalima tokha kwathu ku Katete ndi ku Petauke koma kuyambira pomwe fakitale ya nsalu ya Mulungushi Textiles ku Kabwe inaima mu 2007 takhala tikuvala kwambiri za kunja, komabe iyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Pomwe ndakakamira pano ndi apa. Chitenge m'lifupi mwake ndi pafupifupi mainchesi 45, ndipo pali vitenge zambiri zomwe zithunzi zake zimaimirira bwino pokhapokha ukachimanga m'chiuno mmene timavalira masiku onse, mphepete ina m'chiuno ina kumapazi. Ndiye kuti ukafuna diresi yoti mbalame kapena maluwawo asagone cham'mbali, uyenera kudula ulusi wolimba uja utazungulira thupi m'malo moimirira, zomwe ndi zosemphana ndi muvi wa amadamu. Asisi akuti dula choncho palibe vuto, matelala onse amatero, chachikulu zidutswa zonse zigone mbali imodzi ndipo pasakhale kupendekera. Amadamu akuti muvi ndi muvi. Mtima wanga uli kwa asisi chifukwa zomwe akunena zikugwirizana ndi zomwe manja anga amva, koma diresi yaitali yolemera, ulusi wopingasa ndiwo wanyamula kulemera konseko, kodi pakatha chaka siidzatsika? Ndili ndi chitenge cha mamita 6 chomwe ndinagulira diresi ya pa tsiku la ufulu, 24 Okutobala, ndachichapa, ndachisita, koma sizasi sindinaiyandikize. Komanso mkono wa bulauzi sindinaumvetsebe, chifukwa chake mutu wa mkono umakhala wautali kuposa bowo lomwe ukulowamo, n'kutheka nawonso ndi nkhani ya kutamuka komweku kapena ndi ina, ndiona ndikaphwasula jekete yomwe ndagula.