Mbiri ya moyo wanga, gawo 17: Masabata atatu m'nkhalango ya ku Somerset

Gawo lapitali ndinasiyira pomwe abwana a kunyumba yosamalira okalamba kuja anandiuza kuti masiku anga a tchuthi awunjikana, ndipo ndikapanda kuwatenga angopsa. Ndinali nditagwira ntchito ya usiku miyezi 9 osapumira. Zokwera ndege kupita kumudzi sizikanatheka, ndalama yonse inali itapita ku malata a nyumba ya amayi ndi fizi ya mlongo wanga. Koma kukhala masabata atatu m'kachipinda kanga ku Luton ndikuyang'ana denga, imeneyonso ikanakhala ndende.

Mnzanga wa ku Poland amene tinkasinthana naye mashifiti ndiye anandiuza za WWOOF, bungwe lomwe linayambira ku Mangalande konkuno mu 1971. Akuti umapita pa famu, umagwira ntchito, eni ake amakupatsa chakudya ndi pogona, ndalama ayi. Ndinaseka mpaka misozi. Ndinamuuza kuti kwathu zimenezo tili nazo kalekale, dzina lake ndi ganyu, ndipo munthu salembetsa pa intaneti kuti akamugwire. Komabe usiku womwewo, nkhalamba zanga zitagona, ndinayamba kufufuza malo otere pa foni, ndipo ndinagwera pa mudzi wina wa m'chigawo cha Somerset wotchedwa Tinker's Bubble. Chimene chinandikoka si chikondi cha chilengedwe, ndisakunamizeni. Ndinkafuna kukaona ndi maso anga azungu amene anakana magetsi dala.

Ndinakwera sitima pa London Waterloo n'kutsikira ku Yeovil, kenako ndinalowera ku Norton-sub-Hamdon, kamudzi ka nyumba zomangidwa ndi miyala yachikasu yomwe amaphwanya pa phiri la Ham Hill. Kunali kumapeto kwa Seputembala. Ndinali nditavala nsapato zoyera, chikwama cha matayala chikundilondola pambuyo ngati mbuzi yogula kumene. Pomwe tala anathera, matayalawo anatheranso ntchito, ndipo ndinachisenza pamutu. Mayi wina anandichingamira pa kanjira kokwera m'nkhalango, anayang'ana nsapato zanga, sananene kanthu, anangolowa penapake n'kubwera ndi majombo.

Ndisanaone nyumba ngakhale imodzi, fungo la utsi wa nkhuni linandipeza. Ndinaima kaye. Zaka zinayi ndili kunja ndinali ndisanalimvepo, ndipo linanditengera kukhitchini kwa agogo anga ku Ntchisi, ine nditakhala pa chipika ndikudikira mbatata ipse m'phulusa.

Mudziwu unayamba mu 1994. Anthu angapo anasonkherana ndalama n'kugula maekala 40, gawo lalikulu nkhalango, kotsalako munda wa maapozi ndi msipu. Dzinalo linachokera ku kasupe amene amatumphuka pamalopo. Lamulo lawo lalikulu n'lakuti pantchito za pamalowo sagwiritsa ntchito petulo kapena dizilo: thalakitala kulibe, jenereta kulibe, makina odulira mitengo aja olira ngati njinga yamoto kulibe. Magetsi ndi a dzuwa, ochepa, ongokwanira nyale ndi kutchaja foni. Nyumba anamanga okha ndi matabwa a m'nkhalango yawo, ndipo pali nyumba yozungulira yofolera udzu momwe onse amakumana ndi kudyera. Nditaiona ndinangoti mumtima, apa ndiye ndafika kwa agogo ndithu, kwangosowa nkhokwe ndi khola la nkhunda.

Chimene chinandizunguza mutu ndinachimva usiku woyamba. Kuno munthu sungangomanga nyumba m'munda ngakhale mundawo ndi wako. Pamafunika chilolezo cha khonsolo, ndipo anthuwa anakokana ndi akuluakulu zaka zingapo asanaloledwe kukhala, chilolezo chakenso chinali cha kanthawi. Tangoganizani. Kwathu nyakwawa imangoloza ndi ndodo kuti kuyambira pa mtengo wa msuku uwo mpaka pa chulu icho, mawa lake mwayamba kuumba njerwa. Kuno anthu ophunzira bwino anapita mpaka kumilandu kumenyera ufulu wokhala m'nyumba ya udzu yopanda mpopi, pamene ine ndinkagwira usiku ku Luton kuti amayi anga atuluke m'nyumba yotero.

Tsiku linkayamba ndi kukoleza moto, phala la oti ndi tiyi, kenako kugawana ntchito. Wina kukakama ng'ombe, wina kudimba, wina kuwaza nkhuni, mmodzi n'kutsala kuphikira gulu lonse. Ya chimbudzi ndingoitchula mwachidule poti ndikudziwa mufunsa: madzi mulibe, ukatha umathira utuchi wodzaza dzanja, ndipo pakapita nthawi zonsezo zimasanduka manyowa. Sichinunkha. Ndakhalapo m'nyumba za lendi ku Lilongwe za zimbudzi zogejemula zomwe sizingafike pamenepo.

Ine ndinapita ndi matama, ndivomere. Ndinkati mwana wa kumudzi ngati ine, azunguwa andiphunzitsa chiyani? Tsiku lachiwiri anandipatsa chikwakwa chawo chotchetchera udzu, chija chachitali cha mpini wa zogwirira ziwiri, mpeni wake wosulidwa ku Austria. Ndinachigwira ngati momwe tinkatchetchera bwalo la mpira ku pulayimale tikapatsidwa chibalo, kukweza m'mwamba n'kumenya. Kachitatu kokha nsonga inazika m'dothi. Mtsikana wina wochepa thupi anabwera, anandionetsa kuti mpeni suchoka pansi, umangoseseleka, mphamvu imachokera m'chiuno osati m'mikono, ndipo ukayenda pang'ono umaima n'kunola. Iye anamaliza mzere wonse osatuluka thukuta. Ine pofika masana manja anali matuza okhaokha.

Pa sowo pokha ndi pomwe ndinapezako ulemu. Amadula mitengo ndi sowo ya anthu awiri, wina uku wina uko. Amalume anga anali ocheka matabwa ku Chikangawa, ndipo tchuthi china ndili Fomu 2 ndinakakhala nawo kumsasa. Iwo ndiwo anandiphunzitsa kuti sowo sukankha, umangokoka mbali yako n'kumusiyira mnzako akoke yake. Ukakankha imapindika n'kukakamira. Bambo wina wa ndevu zotuwa amene ndinagwira naye anangomva kakokedwe kanga n'kundiyang'ana, amvekere, iwe unagwirapo. Tinagwetsa mtengo wa Douglas fir wautali ngati nsanja, ndipo hachi ndiyo inakoka zipika kutsika nazo. Sindinaonepo hachi ikugwira ntchito ya ng'ombe zapangolo. Mapazi ake ngati mbale za ndiwo, koma yomvera mawu kuposa ng'ombe iliyonse imene ndinaiwetapo.

Matabwa amachekera pa makina oyendera nthunzi, chiinjini chakale chokhala ngati mutu wa sitima. Amasonkha moto ndi zidutswa zotsala za mitengo yomweyo, madzi amawira kwa maola, kenako chigudumu chimayamba kuzungulira ndipo chilamba chachitali chimayendetsa sowo. Ndinaganiza za amalume, mmene ankakhalira tsiku lathunthu kunsi kwa chipika utuchi ukugwera m'maso kuti atulutse matabwa owerengeka. Akanachiona chimenechi akanachivulira chipewa.

Ntchito ina yonse inali ya maapozi, poti inali nyengo yake. Kutola, kutsuka, kuphwanya, kufinya, kuthira m'mabotolo. Madzi a maapoziwo ndi matabwa ndi zina mwa zomwe amagulitsa kuti apeze ndalama ya zinthu zimene nthaka yawo singawapatse.

Tsopano nkhani ya mkhwani.

Sabata yachiwiri ananditumiza kudimba kukathandiza kukolola maungu chisanu chisanawagwire. Tikudula maungu, ndinaona mnzanga akuzula mitsitsi yonse pamodzi ndi masamba, akukwezera pa wilibala kupita nazo pa mulu wa manyowa. Masamba anthete, obiriwira, nsonga zake zofewa! Ku London timasamba timeneti ukatipeza m'sitolo za zakudya za kwathu umalipira ndalama yoti kumudzi ungagule nkhuku. Ndinamuimitsa ngati wapolisi wa pamsewu. Ndinamufunsa kuti ndiwozi mukupita nazo kuti. Iye anadabwa, akuti kodi zimenezi zimadyedwa?

Mawa lake ndinapempha kuti ndikhale wophika. Ufa ndinali nawo, mapaketi awiri pansi pa chikwama, pakuti Mmalawi sayenda ulendo wa masabata atatu kudalira buledi ndi mbatatesi. Ndinakhala pakhomo pa khitchini ndi dengu la masamba n'kuyamba kusadzula: kuthyola phesi pang'ono, kukoka khungu la minga lija kutsika nalo mpaka pa tsamba, kutembenuza, kukokanso. Ana awiri a pamudzipo anabwera kudzaonerera, posakhalitsa nawonso anayamba, akupikisana kuti ndani atulutse ulusi wautali. Apa ndiulule chinthu. Ntchito imeneyi ndinali ndisanaigwirepo chibadwire. Kwathu inali ya amayi ndi alongo anga, ine ndinkangodutsa ndi buku m'manja. Zala zinkangotsanzira zomwe maso anaona zaka 20 zapitazo.

Nsinjiro panalibe, ndinatendera ndi chiponde cha m'botolo, tomato ndi anyezi za m'dimba momwemo. Mthiko panalibenso. Bambo wa ndevu uja anandifunsa maonekedwe ake, ndinamujambulira pa dothi, ndipo tisanamalize kusadzula anali atausema kuchokera ku nthambi. Kuvundula nsima ya anthu 15 pa chitofu cha nkhuni, mphika wopanda wougwirira, si masewera. Inatuluka ndi timibulu pang'ono, amayi akanaibweza. Koma tinadya ndi manja tonse m'nyumba yozungulira ija, ndinawaonetsa kutema mbamu ndi kuboola kadzenje ndi chala chachikulu, ndipo mkhwani unatha mphika n'kuukombeza.

Titatha kudya, mnyamata wina wa ku Germany, wongodzipereka ngati ine, ananena mawu amene anandikhala pamtima. Anati ndine wamwayi, anthu a kwathu akukhala kale moyo umene iwo akuvutikira kuuphunzira. Ankanena ndi mtima wabwino, ndipo mbali ina sankanama. Agogo anga sanagulepo feteleza kapena mbewu, ankasunga chimanga chamakolo chopachika pa utsi, ankadziwa bowa wodyedwa ndi wakupha.

Koma ndinamufotokozera za 2002. Ndinamuuza mmene nkhokwe zinaumira mvula ili pakati, mmene anthu a m'mudzi mwathu ankadyera gaga ndi mizu ya nthochi, mmene amayi ankagonera pa mzere kudikira chimanga n'kubwerako ndi thumba lopanda kanthu, ndi maliro amene ankachitika mowirikiza mpaka anthu kusowa mphamvu zokumbira manda. Ndinamufunsa kuti kuno mbatatesi zikaola m'munda chimachitika n'chiyani. Mayi uja wa majombo ndiye anayankha, mosabisa: timapita kukagula ku Yeovil. Anawonjeza kuti mwana akadwala usiku ambulansi imabwera, ndipo aliyense wa iwo atatopa akhoza kutsika phiri mawa n'kukafuna ntchito m'tauni. Ndinamulemekeza chifukwa cha yankho limenelo. Sanayese kudzikometsa.

Usiku umenewo tulo sitinabwere msanga. Kanyumba kanga kankazizira moto ukazima, ndipo akadzidzi a kuno amalira ngati a kwathu, kungoti palibe amene amadzuka kukawaponyera chikuni. Ndinkaganiza za mawu amene ndinakula nawo, a aphunzitsi, a amalume, a amayi: ukapanda kulimbikira sukulu, khasu likukudikira. Ndinalimbikira, khasu ndinalithawa, n'kuthawa pamodzi ndi zonse zimene agogo ankadziwa. Mnyamata wa ku Germany ankandiona ngati nkhokwe ya nzeru za makolo, chonsecho sindikanatha kumuuza mtengo umene agogo ankathyola masamba ake kuika m'nkhokwe kuti anankafumbwe asalowe. Agogowo anamwalira ndili ku koleji, sindinawafunse.

Lamulungu lomaliza ndinakwera pa Ham Hill kukasaka netiweki yabwino, monga timachitira kumudzi pokwera pa chulu. Ndinaimbira amayi pa WhatsApp ya mlongo wanga, n'kuwaonetsa zithunzi: nyumba ya udzu, mulu wa nkhuni, ine nditagwira sowo.

Anakhala chete, kenako anati, "Iwe, ntchito ija yatha? Usandibisire."

"Ayi amayi, ndili pa tchuthi. Ndinabwera ndekha kudzathandiza."

"Akukulipira zingati?"

"Salipira, amangotipatsa chakudya."

Ndinamva akuitana mlongo wanga kuti adzamve yekha zimene mchimwene wake akunena. Anati ngati ndi ganyu waulere ndimafuna, munda wa kudambo uja sunasoseredwe mpaka lero, ndipo nsima ya kwawo ilibe mibulu. Nditawauza za mkhwani wopita ku manyowa ndiye anadandaula zenizeni, kuposa za malipiro zija. Anandilamula kuti ndisanachoke ndiwaphunzitse anthuwo kufutsa, awiritse pang'ono ndi kuyanika, adzadye mfutso nthawi ya chisanu. Ndinawauza kuti dzuwa la kuno mu Okutobala silingaumitse ngakhale mpango. Anati basi ayanike pamwamba pa moto, asataye ndiwo.

Ndinabwerera ku Luton Lachitatu ndi mabotolo awiri a madzi a maapozi, mthiko uja, ndi nsapato zoyera zomwe sizinayerenso. Botolo limodzi ndinakapatsa gogo wina wa ku chipinda nambala 6, amene nkhani yake ndi ya gawo lotsatira.