Maliro a pa Sunset

Amalume ake a Sakala anamwalira Lachisanu madzulo, ine ndili m'bafa, ndipo ndinawapha ndine. Sakala ndi mnzanga wa kuntchito. Ngati ali nawo amalume, sindinawaonepo, koma tsiku limenelo ndinkafuna maliro mwachangu, choncho ndinasankha munthu woti sangadzabwere pakhomo kudzadandaula.

Vuto linali loti apongozi anga aamuna anali atafika Lachinayi kuchokera ku Katete, ndi thumba la nsawa, nkhuku yamoyo ndi chitini cha mbewa zouma. Amake Dalitso anali atakonza kale pulogalamu ya Loweruka: ine ndiwaperekeze madala kukaona abale mu Lusaka muno, kuyambira ku Chawama, tikachoka uko Kanyama, tikamalizire Mandevu. Loweruka lomwelo timu ya mpira ya Nkana inali kubwera pa bwalo la Sunset kudzakumana ndi Zanaco.

Ine ndine wa Zanaco kuyambira 2002, chaka chimene tinatenga ligi koyamba. Tinabwereza 2003, 2005, 2006, 2009, 2012 ndi 2016. Zikho 7, ndipo zaka zimenezi ndimazitchula osapumira, pamene tsiku la ukwati wanga ndimachita kufunsa. Chichokereni 2016 takhala ngati osiyidwa pa siteshoni: ZESCO United inadutsa, Nkana inadutsa mu 2020 ndi chikho chake cha 13, Red Arrows mu 2022, Power Dynamos mu 2023, Arrows kachiwiri mu 2024, ife tili chiimire ndi katundu wathu. Koma wochemerera weniweni sasiya. Ligi ili ndi matimu 18, masewero 34 timu iliyonse, ndipo mwa 17 a pakhomo, limene Nkana imabwera ndi limodzi lokha. Abale a ku Kanyama amapezeka chaka chonse.

Chaka chake sinditchula, chifukwa zithunzi zake zikadayendayenda m'mafoni ndipo ana anga amadziwa kufufuza.

Nditatuluka m'bafa ndinavala nkhope ya chisoni n'kukagwada pafupi ndi apongozi. Ndinalengeza maliro. Ndinati mwambo uli ku Chongwe, kutali ndithu, kuti pasapezeke wondiperekeza. Amake Dalitso anandiyang'ana nthawi yaitali kuposa mmene chisoni chimafunira. Koma madala anavula chipewa.

"Pepani, a mkamwini. Maliro saona pulogalamu. Abale tidzawaona tsiku lina."

Anapisa m'thumba la jekete, natulutsa kampango komanga mfundo ziwiri, namasula pang'onopang'ono ngati akuchita opaleshoni. K100.

"Mukaponye m'mbale ya chipepeso. Mukanene kuti yachokera kwa mkulu wa mpingo wa ku Katete."

Apa munthu wa nzeru akanadzutsa amalume aja. Ine ndinalandira ndi manja awiri.

Muwadziwe apongozi anga. Unyamata wawo anausiya mu mgodi ku Mufulira, ndipo mpaka lero magazi awo ndi a Mighty Mufulira Wanderers. Kwa iwo mpira unathera pa Shinde, bwalo la timuyo, m'miyendo ya Samuel "Zoom" Ndhlovu. Akayamba za Godfrey Chitalu ndi zigoli zake 107 za mu 1972, nsima imazizira m'mbale. Amati chimwalirireni woulutsa mpira Dennis Liwewe mu 2014 wailesi inasanduka bokosi, ndipo sanakhululukire FAZ, bungwe loyendetsa mpira m'Zambia, chifukwa chosintha kalendala mu 2019 kuti ligi iziyamba mu Ogasiti n'kutha mu Meyi. Amati mpira wa m'dzinja ndi wa achule. Munthu wotere ndikanangomuuza zoona, bwenzi titapita limodzi. Koma mkamwini akaona apongozi nzeru zimathawira m'mawondo.

Loweruka ndinavala ngati anyezi: mkati jezi yanga yofiira, pamwamba shati yoyera, pamwamba pake jekete yakuda. Jeziyo ndinaigula kalekale m'tauni, ndipo inachapidwa mpaka baji ndi zilembo zonse zinapita ndi thovu. Inangotsala kufiira. Ndikudutsa m'khitchini ndinaona chitini chija chili chotsegula pang'ono. Ndinatapamo ziwiri, zonona, n'kuzikulunga m'nyuzipepala. Munthu wopita kumaliro amayenera kudzisamala.

Minibasi ya ku Mtendere inachita zake zija, kudikira munthu amene akadali kusamba kunyumba kwake, moti ndinafika mpira utayamba. Pageti K100 ya mkulu wa mpingo inasweka. Ndinavula shati ndi jekete, n'kuzipinda kukhwapa, ndipo ndinathamangira kumene ndinaona kufiira kwambiri ndi ng'oma zikulira. Mnyamata wina anandisunthira malo.

"Ikaleni, ba mudala."

Ndinakhala. Kenako anthu onse ondizungulira anakuwa pamodzi: "Kalampaaa!"

Abale anga, ligi yathu ili ndi vuto la utoto. Zanaco yofiira, Nkana yofiira, Arrows dzina lenilenilo ndi lofiira. Ndinali nditakhala pakatikati pa ochemerera Nkana, kumanzere woimba ng'oma, kumanja chimunthu chosavala malaya, mimba yonse yopakidwa zoyera, kumbuyo amayi atatu a mawu ngati masipika a pa kitchen party. Potulukira panalibe. Ndipo apa ndi pamene ndinachita chopusa chachiwiri. Mu Lusaka muno ochemerera Nkana olankhula Chinyanja ndi ambirimbiri, ena ndi a Phiri, ena ndi a Banda. Ndikanangoti "zikomo" palibe akanatembenuka. Koma mantha anandiuza kuti ndikhale Mbemba.

"Muli shani?" anatero wamimba uja.

"Bwino mukwai."

Chibemba changa chonse ndi mawu ngati khumi, ndipo awiri anali atapita kale.

Hafu yoyamba ndinavutika kuposa osewera. Nkana ikaukira ndinkaimirira ndi anzanga atsopanowo, manja m'mwamba, mtima ukupemphera kuti mpira upite kumitambo. Ukapita kumitambo ndinkagwira mutu ndi kubuula, mumtima ndikuimba aleluya. Nyimbo zawo ndinkangotsegula pakamwa ngati nsomba. Goloboyi wathu atagwira mpira woopsa ndinapezeka ndaomba m'manja kawiri, ndiye ndinapitiriza kuomba m'mwamba ngati ndikupha udzudzu. Wamimba uja anandikonda. Anandigawira chibuku chake, nandikumbatira m'khosi, choyera cha pamimba pake chikusamukira pa ine.

"Mwafuma kwi?"

"Ku Kitwe."

"Kwi ku Kitwe?"

"Wusakile," ndinatero, chifukwa aliyense amadziwa kuti ndiko kwawo kwa Nkana.

Nkhope yake inawala. Iyenso anali wa ku Wusakile. Anayamba kundifunsa za anthu, mayina motsatizana, ine ndikungoti "ee mukwai, ee mukwai." Sindikudziwa zimene ndinavomera tsiku limenelo. N'kutheka kuti ndili ndi ngongole ku Kitwe.

Kenako, hafu yachiwiri ili mkati, zinachitika. Kona, mpira unazungulira, mutu wa munthu, ukonde unagwedezeka. Mbali yathu yonse inangoti zii, ng'oma inaima pakati pa kugunda. Ndipo m'chete ameneyo munamveka mawu amodzi okha, a munthu amene waimirira pa benchi, manja onse m'mwamba, jekete ya maliro ikuzungulira ngati mbendera:

"Chalowaaa! Chalowa, amama ineee!"

Ndinayang'ana uku ndi uku kuti ndione wopusayo. Ndinali ine.

Ndinayesa kukhotetsa. Ndinatsitsa manja n'kuwaika kumutu, "chalowa" uja n'kumusandutsa kulira: "Chalowa... mayo, chalowa, tapwa!" Mwina zikanatheka. Koma pozungulitsa jekete paja kaphukusi kanga kanali katauluka, ndipo kanagwera pamiyendo pa mmodzi wa amayi atatu aja. Anakatsegula. Anakuwa kukuwa kumene ndikhulupirira kunamveka ku Kabulonga.

"Imbeba!"

Wamimba ananyamula imodzi kumchira, naikweza m'mwamba kuti bwalo lonse lione. Anandiyang'ana, nayang'ana mbewa, nandiyang'ananso. Ine ndinali nditayamba kale kulapa machimo anga, kuyambira amalume a Sakala. Ndiye nkhope yake inang'ambika ndi kuseka.

"Ba mbuya! Wa ku Chipata uyu!"

"Katete," ndinakonza, ngati kuti zithandiza.

Amene simunakhale mu Zambia mwina simudziwa chimbuya. Ife akum'mawa ndi Abemba tinamenyana kalekale, masiku a mikondo, ndipo nkhondoyo inathera m'nthabwala zosatha. Iwo amati timadya makoswe, ife timati amadya anyani. Pa maliro a wakum'mawa, Abemba ndi amene amagwira ntchito, kuseka ofedwa, kuwathira ufa kapena paudala kumutu ndi kuwalipiritsa, ndipo kukwiya n'koletsedwa. Ukakwiya waluza kawiri.

Sindinamenyedwe ngakhale khofi limodzi. Kumenyedwa kukanakhala bwino, chifukwa kumatha msanga. Amayi aja anatulutsa paudala wa mwana m'chikwama. Woimba ng'oma anali ndi kapepala ka ufa wopakira kumaso. Anandithira kumutu, m'makutu, m'nsidze, m'khosi, thukuta n'kusakaniza zonse kukhala phala. Ananditembenuzira ng'oma kuti ikhale mbale, ndipo chenje yonse ya mkulu wa mpingo inagweramo. Ndiye tinene zoona, ndalama ija m'mbale inalowa. Anandiimika pa benchi, mbewa ina kudzanja langa, ina kudzanja la wamimba, n'kundipangira nyimbo pomwepo. Anthu a Zanaco kutsidya, anzanga enieni, ankaseka kuposa onse. Patsogolo pathu panali munthu ndi kamera yaikulu pa phewa, koma ine ndinali ndi ufa m'maso.

Mmene mpira unathera musandifunse. Ndinauona ngati munthu woyang'ana m'chigayo.

Ndili m'minibasi pobwerera, nditavalanso shati ndi jekete, ndinadziona pagalasi ndipo nzeru inandifikira. Sakala ndi wakum'mawa. Maliro a wakum'mawa, Abemba amathira ufa. Ine ndine wakum'mawa, ndathiridwa ufa ndi Abemba. Umboni woposa uwu ukanachokera kuti? Ndinasiya kudzipukuta. Pena pamene panayera pang'ono ndinawonjezera kuchokera m'khutu. Ndinatsika pa siteshoni ndikuimba kamluzu. Akuluakulu anati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Ndinapeza apongozi ali pakhonde. Ndinachepetsa liwiro, mapewa pansi, n'kugwada.

"Mwabwerako, a mkamwini?"

"Tabwerako, atate."

"Mwaika bwino?"

"Taika bwino."

"Ndaona ambuya anu sanakusiyeni."

"Abemba alibe chisoni, atate."

"Alibe. Anthu anali ambiri?"

"Ambiri zedi."

"Ee. Ndi ng'oma zomwe." Anakhosomola pang'ono. "Womwalirayo anali wotchuka. Mpaka SuperSport."

Dziko linaima. Pazenera ndinaona TV yanga, imene ndimalipira ndekha mwezi ndi mwezi, ikadali chiyakire. Pakhomo panatulukira Dalitso, maso akuwala ndi kunyada.

"Adadi, munaoneka katatu! Kachitatu anakuonetsani pang'onopang'ono!"

Kumbuyo kwake kunali amake, manja m'chiuno, ndipo kumbuyo kwa amake kunali azakhali a ku Chawama, asuweni a ku Kanyama ndi banja lonse la ku Mandevu. Atamva kuti madala sabwera chifukwa cha maliro, anaganiza zobwera okha, kuti adzandipepesenso. Anadzaza pabalaza, Dalitso n'kuwayatsira mpira kuti asasungulumwe. Azakhali anali atabweretsa ndi shuga wa chipepeso.

Amake Dalitso sanakweze mawu. Anangoti, "Atate ake Dalitso, madzi ali m'bafa. Mukasambe, mudzatiuze nyimbo imene munaimba kumanda." Asuweni a ku Kanyama anagwa pa mpando.

Nditasamba, ndipo ufa wa m'makutu unatenga masiku atatu, apongozi anandiitanira kuseri kwa nyumba, kumene kunamangidwa nkhuku ija. Ndinagwadanso. Ndinayamba kupepesa za bodza, za K100, za dzina la mpingo wa ku Katete. Anakweza dzanja.

"Ndalama mubweza, imeneyo si nkhani. Bodza mukambirana ndi mkazi wanu, ndipo Mulungu akuthandizeni. Chigoli chija, mnyamata amene anali pa mzati woyamba anagona, Zoom sakanalola zimenezo pa timu yake. Ine funso langa ndi limodzi." Anasendera pafupi, natsitsa mawu. "M'chitini munali 40. Ndawerenga, mwatsala 38. Kamera inachoka msanga. Mbewa zanga zinathera kuti?"

Ndinameza malovu. "Anadya, atate."

"Ndani?"

"Wamimba uja. Ina anagawana amayi aja."

"Ndi mutu womwe?"

"Ndi mchira womwe. Anafunsa ngati zilipo zina."

Madala anakhala chete. Kenako mapewa awo anayamba kugwedezeka, misozi ikutsika, mpaka anagwira khoma.

"Ndinadziwa! Zaka zonse zija ku Mufulira, masana kutitukwana, usiku kugogoda pakhomo ndi kambale!"

Lolemba m'mawa Sakala anandipeza pa geti ya kuntchito. Anali atalandira mafoni 6 omupepesa, ndi paketi ya shuga imene amake Dalitso anatumiza ndi mwana. Amalume ali nawo, mmodzi yekha, ali moyo ku Petauke, ndipo akufuna kundiona.