Tsiku lomwe ndinakwera Piton de la Fournaise

Abale inu, chilumba cha Réunion, cha m'nyanja ya Indian Ocean, komwe kuli phiri lophulika moto la Piton de la Fournaise, sindidzachiiwala. Tinadzuka 4 koloko m'mawa, kukuzizira ngati June wa ku Dedza, galimoto mpaka ku Plaine des Sables, chidikha cha mchenga wofiirira chopanda olo mtengo umodzi, ine kukamwa yasa. Pa Pas de Bellecombe, pomwe msewu umathera, nde tinatsika masitepe ambirimbiri, kenako kuyenda pa chiphalaphala chouma chakuda bii, chakuthwa moti nsapato yanga inang'ambika m'mbali, tikungotsata timadontho ta penti yoyera pamiyala kuti chifunga chikabwera tisasochere. Phirili ndi la mamita 2,632, Mulanje akuliposa ndithu, komatu nditasuzumira m'chidzenje chachikulu cha Dolomieu pamwamba pa phirili miyendo inachita kunjenjemera. Mukamapita nyamulani madzi okwanira, mthunzi kulibiretu kumeneko.